Lole ya Fighter yandizimira pokwera phiri la Thabwa: kodi giya mumasintha mukaona chiyani?

Wa Fighter Yoyera:
Akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano. Ndabwera ndi manyazi anga, bola mundiseke kuno kusiyana ndi kudzandiona pa chithunzi ndili m'phompho. Ine ndayendetsa Canter ya matani 3 kwa zaka ziwiri, kutuntha njerwa ndi mchenga mu Blantyre muno. Mwezi watha amalume anandipatsa Fuso Fighter yawo ya magiya 6 kuti ndizikatenga chimanga ku Chikwawa. Popita ndinalibe katundu, zinayenda bwino. Pobwera Lachiwiri ndinawoloka Kamuzu Bridge, ndinadutsa pa Thabwa, n'kuyamba kukwera ndili mu 5. Italemedwa ndinabweza 4. Mu 4 ndinakhalitsamo mpaka lole yonse inayamba kunjenjemera, galasi la kumanzere likuchita kuvina. Pomwe ndimati ndilowetse 3, giya inangolira khrrr, osalowa. Ndinayesa 2, chimodzimodzi. Lole inaima pakona penipeni, inazima, n'kuyamba kubwerera. Ndinaponda buleki mpaka mwendo unachita dzanzi, mnyamata amene ndimayenda naye anadumpha n'kukaika mwala kutayala. Kumbuyo kunali minibasi yodzaza, mawu amene anatuluka mmenemo sindingawalembe pano.

Funso langa ndi ili. Lole ikanyamula, giya mumasintha mukaona chiyani? Mumamvera kulira kwa injini, mumayang'ana ma rev (kazunguliridwe ka injini), kapena liwiro? Kusukulu tinaphunzirira lole yopanda kanthu kumbuyo, ndiye ndaona kuti sindikudziwa chilichonse.

Tipa Sagona:
Aise, walandiridwa ku ntchito. Amene sanazimitsepo lole pa Thabwa ndiye kuti amayendetsa wilibala.

Mdala wa Beira:
Mphwanga, choyamba mnyamata wa mwalayo ukamugulire nsima ya nkhuku. Chachiwiri, giya sinakane ayi, iwe ndi amene unachedwa. Lole ikafika ponjenjemera, nthawi yosintha inadutsa kalekale, pamenepo ukungopempha chikhululukiro basi.

Ine ndinayamba ngati wothandizira dalaivala mu 1989, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, tikudutsa ku Tete pamdipiti wa malole woperekezedwa ndi asilikali. Ukazimitsa galimoto pachitunda anzako sankakudikira. Mkulu amene anandiphunzitsa sankandilola kugwira ndodo ya giya kwa miyezi yambiri. Ntchito yanga inali kukhala kumanzere n'kumatchula giya yomwe iye alowetse phiri lisanafike. Ndikalakwitsa ankandimenya ndi chipewa. Zomwe ankafuna kuti ndimve n'zoti giya ya phiri umaisankha ndi maso. Khutu limakuuza zomwe zachitika kale, maso amakuuza zomwe zikubwera. Iwe unaona phiri, unaona kona, unkadziwa matumba amene uli nawo, koma unadikira kuti injini idandaule kaye.

Pa Thabwa ndi lole ngati yakoyo, 5 umaisiya pansi pomwe. Umalowa 4 liwiro likadalipo, ndipo ukaona kona yokhota kwambiri kutsogolo umabweza 3 usanalowemo. Mkati mwa kona manja onse awiri ndi a chiwongolero.

Sipanala wa ku Biwi:
A Mdala anena zoona, ine ndingowonjezera za m'kati mwa chitsulomo, poti ndi zomwe zimandidyetsa.

Achimwene, injini ya dizilo si ya petulo. Mphamvu yake yokoka ili pa malo ochepa. Yang'anani rev counter yanu, wotchi ija yoonetsa ma rev, pali chigawo chobiriwira. Pa malole a ku Japan a msinkhu umenewu chimayambira cha m'ma 1500 kupita chakumtunda, pomwe zimphona za Cummins ndi Scania zimakoka bwino cha m'ma 1200 mpaka 1500. Muvi ukatsika pansi pa chobiriwiracho inu mutaponda moto wonse, ndiye kuti pampu ikuthira mafuta ambiri mu injini yomwe ikuzungulira pang'onopang'ono. Kunjenjemera mumamva kuja ndi mapisitoni akumenya ma bearing. Utsi umada. Choipa china, fani ndi pampu ya madzi zimayendera injini yomweyo, ndiye ma rev akatsika nazonso zimafooka pa nthawi yomwe kutentha kwachuluka. Ku Chikwawa mwezi wa October kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye ganizirani.

Njira yophweka yodziyesera ndi iyi. Mukaponda moto, muvi uzikwera, kapena uime pamodzi. Mukaponda koma muvi ukutsikabe, bwezani giya pomwepo, musadikire kuti ufike pansi pa chobiriwira. Chifukwa chake n'choti pa masekondi awiri amene mwaponda kilachi, palibe chikukoka lole, phiri likuibweza. Pamalo athyathyathya simutaya kanthu. Pa phiri ndi katundu, pofika pomwe ndodo yalowa, liwiro la giya imene mumaifunayo latha kale. Ndi zomwe zinakuchitikirani. Mumafuna 3 pomwe lole inali itafika kale pa liwiro la 2, mutathamangira 2 inali itafika pa 1.

Wa Fighter Yoyera:
Bwana Sipanala, pamenepo mwandilasa. Ndinayesanso 1 lole ikuyendabe pang'ono, inakaniratu.

Sipanala wa ku Biwi:
Siikanalowa. Magiyabokosi ambiri a malole amenewa ali ndi synchro, timphete tothandiza giya kulowa osalira, kuyambira 2 mpaka 6, koma 1 ndi livesi zilibe. Kuti 1 ilowe lole ikuyenda pamafunika dzanja lozolowera kwambiri. Mukadzaphonyanso giya paphiri musalimbane nayo. Pondani buleki, imani, kokani handibuleki, pumani, lowetsani 1, nyamukani bwinobwino. Manyazi a mphindi ziwiri sakufanana ndi mtengo wa giyabokosi.

Ndifunse, munanyamula matumba angati?

Wa Fighter Yoyera:
200 a makilo 50.

Sipanala wa ku Biwi:
Pa lole ya matani angati?

Wa Fighter Yoyera:
Papepala analemba 8.

Tipa Sagona:
Kkkkk papepala! Amalume ako ndi munthu wa chikhulupiriro.

Achemwali a Tanka:
Musaseke. Matumba 200 ndi matani 10, ndiye mwana wa eni mwamusenzetsa matani awiri owonjezera pa ulendo wake woyamba wa phiri. Nkhani imeneyo tibwereranso.

Mchimwene wanga, ine ndimatenga mafuta ku Dar es Salaam. Ndikanyamula ndimakwera Kitonga ku Tanzania, ndikalowa pa Songwe ndimadzakweranso Chiweta. Pa nkhani ya khutu ndi muvi, ndisiyana pang'ono ndi akuluakulu ena amene amati dalaivala weniweni sayang'ana wotchi. Khutu limaphunzira galimoto imodzi. Inuyo khutu lanu ndi la Canter. Canter imalira mopepuka, imakwera ma rev msanga, ndipo ikalemedwa imakukhululukirani chifukwa katundu wake ndi wochepa. Mwakwera Fighter ndi khutu lomwelo, ndiye likukunamizani. Ineyo nditachoka pa Hino kupita pa yaikulu ndinkaona ngati injini ikufuna kuzima pa 1300, pomwe mpamene imasangalala. Miyezi yoyamba yang'anani muvi. Nthawi iliyonse mukasintha giya, diso pa muvi, khutu likumvetsera. Pakapita nthawi mudzapeza kuti mukudziwa pomwe muvi uli musanayang'ane.

China chomwe chinandithandiza. Ndinamata kapepala pa dashibodi, ndinalembapo liwiro la giya iliyonse, pomwe imayambira kukoka ndi pomwe imathera. Pezani msewu wabata, muyese giya imodziimodzi muli ndi katundu, mnyamata wanu azilemba. Tsiku lomwe mudzasochere pakati pa magiya, mudzangoyang'ana liwiro n'kudziwa khomo lolowera. Osamangogogoda paliponse.

Mdala wa Beira:
Achemwali, kapepalako ndavomera. Koma theka la malole a kuno muvi unafa kalekale, wangogona pa ziro ngati mlonda.

Achemwali a Tanka:
Ndiye akonzetse, a Mdala. Nthawi zambiri ndi waya chabe. Tisasandutse umphawi kukhala luso.

Mdala wa Beira:
Eeh, mwandigwira pakamwa.

Wa Fighter Yoyera:
Nanga pokweza magiya? Ponyamuka pa mwala paja ndinayenda mu 1, nditati ndilowe 2 lole inangotsala pang'ono kuimanso. Ndinakwera phiri lonse mu 2, ndikuopa kukhudza ndodo. Njinga za kabaza zimandipitirira.

Mdala wa Beira:
Zikupitirire, sizinanyamule matani 10. Kukwera phiri lonse mu 2 si tchimo. Tchimo ndi kusinthasintha, 2, 3, 2, 3, ngati ukusankha tomato. Ukapeza giya yomwe lole ikukoka osalira mopweteka, muvi uli m'chobiriwira chakumtunda, phazi lisanafike pansi penipeni, khala momwemo mpaka phiri lithe.

Pokweza giya pachitunda, lamulo la pamalo athyathyathya siligwira. Pathyathyathya ukhoza kusintha msanga, mafuta amapulumuka. Pachitunda uyenera kuikoka kaye ma rev akwere kudutsa pomwe umasinthira masiku onse, kuti ukamalowa giya inayo muvi ugwere m'chobiriwira, osati pansi pake. Magiya a pansi ndi otalikirana. Kuchoka 1 kupita 2, kapena 2 kupita 3, muvi umagwa kwambiri kuposa kuchoka 5 kupita 6. Ukaona kuti ngakhale utaikoka bwanji igwerabe pansi, usasinthe. Dikira pomwe msewu wagonako pang'ono, mapiri onse ali ndi popumira.

Ndiponso iwe wa Canter, ndikudziwa chizolowezi chanu chonyamukira 2. Wopanda katundu palibe vuto. Utanyamula, nyamukira 1, kilachi uisiye yonse usanaponde moto wambiri. Fungo lija la ngati tsitsi lopserera ndi ndalama za amalume ako zikupsa.

Wa ku Joni:
Moni kumudzi. Ine ndili pa msewu wa N3, Durban ndi Johannesburg. Kuno makampani ambiri anagula ma automatic, giya imadzisintha yokha, koma ndinayambira pa Freightliner ya giyabokosi ya Eaton Fuller yopanda synchro. Imeneyo imakuphunzitsa ulemu. Ma rev akapanda kugwirizana ndi liwiro, siilowa, ngakhale ubwere ndi abusa.

Mchimwene, ngakhale yanu ili ndi synchro, phunzirani kuponda kilachi kawiri pobweza giya. Ponda, tulutsa giya ifike pakati, siya kilachi, menya moto pang'ono ma rev akwere, pondanso, lowetsa. Ukabweza giya injini iyenera kuzungulira mwachangu kuposa mmene imazungulirira, ndiye umaikweza wekha kuti ikakumane ndi giyayo. Synchro ya lole yakale inatopa, ukamaikakamiza kuti igwire ntchito yonse yokha ndi pamene imalira khrrr. Yesererani pabwalo mulibe katundu mpaka phazi lizichita lokha.

Komanso musaope kudumpha giya. Phiri likakudzidzimutsani, kuchoka 5 kugwera 3 ndi nzeru, kusiyana ndi kudutsira 4 yomwe ikufa musanasiye n'komwe kilachi.

Tipa Sagona:
Ife kilachi timapondera ponyamuka basi, kwinako timangoseweretsa moto giya n'kulowa yokha. Mwendo umapuma.

Sipanala wa ku Biwi:
Pa Fuller zimenezo zimatheka kwa amene dzanja linakhwima. Pa giyabokosi ya synchro musayerekeze. Imaoneka ngati yalowa bwino, koma timphete ta synchro ndi timene tikulipira, tikudyeka mwakachetechete. Pakatha miyezi mumabwera kwa ine kuti 3 ikutuluka yokha. Ndipo a ku Joni muwauzenso anzathu a Fuller kuti kilachi saiponda mpaka pansi galimoto ikuyenda. Pansi penipeni pali clutch brake, ntchito yake ndi kuimitsa shafiti kuti giya yonyamukira ilowe mutaima. Ukaiponda uli paliwiro waipsereza.

Wa ku Joni:
Zoona bwana. Ndinaipsereza sabata yanga yoyamba, anandidula pa malipiro.

Achemwali a Tanka:
Tonse tikukamba zokwera, koma chomwe chimapha si kukwera. Mchimwene, tsiku lina amalume anu adzakupatsani simenti kapena feteleza kuti mutsike naye ku Chikwawa. Kuchoka ku Blantyre, komwe kuli pafupifupi mamita 1000 pamwamba pa nyanja, kukafika ku Shire ndi kutsika kokhakokha, makona ali motsatizana. Pokwera mukalakwitsa giya lole imaima. Potsika mukalakwitsa siimaima.

Giya yotsikira mumailowetsa pamwamba, mtsetse usanayambe. Akale ankati tsika ndi giya yomwe unakwerera. Ine ndimati ngati mukukayika, tsikani ndi ya pansi pake. Yatsani exhaust brake, buleki ija yotsekereza utsi kuti injini igwire lole. Imeneyi imagwira bwino ma rev akakhala okwera, pa ma rev otsika imangopanga phokoso. Dziwaninso kuti mukangokhudza kilachi kapena moto imasiya kugwira, ndiye phazi lichoke pa kilachi. Giya yoyenera mumaidziwa chonchi: lole ikutsika yokha paliwiro limodzi, buleki mukungoigwira mwa apo ndi apo. Mukaona kuti phazi silikuchoka pa buleki, giya yanu ndi yothamangira. Chepetsani liwiro mwamphamvu mabuleki akadali ozizira, ngakhale kuima kumene, mulowe ya pansi. Osadikira fungo.

Buleki yake, muvi ukayandikira pofiira pondani molimba liwiro litsike ndithu, kenako siyani ipume. Osaikhudza pang'onopang'ono njira yonse, komanso osaipopa ngati mukupopa njinga, mphepo ya mabuleki imatha. Madiramu a mabuleki akatentha amafutukuka, mashuzi amaleka kuluma. Mumaponda, mphepo ilipo, koma lole ikungopita.

Ndi tanka pali chinanso. Mafuta amayenda m'kati. Ukasintha giya mwankhanza amathamangira kumbuyo, kenako amabwerera kudzakukankha. Chipinda cha tanka chikakhala chosadzaza ndiye zimanyanya. Zinandiphunzitsa kusintha giya ngati ndanyamula mwana wogona.

Wa ku Joni:
Kuno pamwamba pa mitsetse ina ya N3, ngati Town Hill ku Pietermaritzburg, lole iliyonse imayenera kuima kaye n'kunyamuka ndi giya yotsika, ndipo m'mbali anakonza njira ya miyala yothawiramo mabuleki akakana. Si zokongoletsa. Mu 2013 pa Fields Hill ku Pinetown lole inatsika osaima, inakawomba magalimoto pamphambano, anthu oposa 20 anafa. Kwathu pa Chiweta kapena ku Golomoti ukataya mabuleki uthawira kuti?

Tipa Sagona:
Koma tinene chilungamo akuluakulu. Mafuta amene mabwana amatipatsa ndi oyeza ndi supuni. Pamtsetse wautali wowongoka ndani saika fili, kutulutsa giya kuti ikhale pa nyutulo? Ine ndimaika, ndipo ndikadali moyo.

Achemwali a Tanka:
Amene anafa nazo sali pagulu pano kuti akuyankheni.

Sipanala wa ku Biwi:
A Tipa, ndikuuzeni chinthu chomwe chikupwetekeni mtima. Mukamatsika muli mugiya, phazi litachoka pa moto, pampu imadula mafuta, matayala ndi amene akuzunguza injini. Mukaika fili, injini imayenera kudzizunguza yokha, ndiye ikumwa. Pamtsetse weniweni palibe chomwe mukupulumutsa. Chomwe mwachita ndi kuchotsa exhaust brake, kufooketsa kompulesa yopopa mphepo pa nthawi yomwe mukuidya kwambiri, kenako liwiro likakwera giya imakana kubwereramo. Ena amati ndiye ndingoponda kilachi giya ili momwemo. Imeneyo ndi yoipa kuposa. Matayala amazunguza mbale ya kilachi paliwiro lomwe sinapangidwire, ikhoza kuphulika. Ndinatulutsapo zidutswa zake ndi manja angawa.

Komanso wina asaganize kuti gavanala, kachipangizo koletsa injini kupyola muyezo wa ma rev, amuteteza potsika. Gavanala amangodula mafuta. Katundu akamakankha lole, injini imadutsa pofiira gavanala akuonerera, mavavu n'kukumana ndi mapisitoni.

Mdala wa Beira:
Mawu oti fili amenewa ndinawaletsa m'galimoto mwanga. Chaka china ndinkaphunzitsa mnyamata, tikutsika chakumadzulo, ndinamuuza kuti ika fili. Ine ndimanena giya 3. Iye anamva fili ya nyutulo, anatulutsa giya n'kundiyang'ana akumwetulira kuti wachita bwino. Lole inangoti phee, phokoso lonse zii, kenako n'kuyamba kuthamanga. Mwayi wake tinali tisanafike potsetsereka kwambiri, ndinakoka dzanja lake, tinaima. Ndinatsika n'kukakhala pamwala kwa kanthawi osayankhula. Kuyambira tsiku limenelo ndimati giya yachitatu, mawu onse, ngakhale tikufulumira bwanji.

Tipa Sagona:
Kkkkk a Mdala mwandipha. Chabwino, ndamva. Koma nkhani ya mafuta a supuni ndidzaiyambitsa payokha, musathawe.

Admin:
Yambitsani ina a Tipa, ino ndi ya magiya. Amene mukutumiza zotsatsa matayala pakati pa zokambirana ndikuchotsani.

Mwini Lole 1964:
Ndakhala ndikuwerenga chiyambire m'mawa. Lole ikukambidwayi ndi yanga, ndipo mnyamatayu ndi mwana wa mlongo wanga. Iwe, nkhani ya mwala ndikuimvera pagulu? Kunyumba unandiuza kuti unachedwa chifukwa cha apolisi.

Tipa Sagona:
Mayooo! Admin musachotse chilichonse, ndikukatenga mpando.

Wa Fighter Yoyera:
Pepani amalume. Sindimadziwa kuti muli pagulu pano. Ndimaopa kuti mundilanda makiyi.

Mwini Lole 1964:
Makiyi sindikulanda. Ukanabisa mpaka kalekale ndiye ndikanakulanda. Za matumba 200 ndavomera, ndi ine ndinalamula. Mtengo wa dizilo mmene ulili, ulendo wa matumba 160 umangobweza mafuta ndi malipiro. Dalaivala wakale ankakwera nawo 200 osadandaula.

Achemwali a Tanka:
Bambo, ndi ulemu wonse, dalaivala wakaleyo anali ndi zaka zingati pa phiri limenelo? Lole yodutsa muyezo imasokoneza zonse zomwe tamuuza mwanayu. Giya yomwe ikanakwera pa matani 8 siikwera pa 10, ndipo mabuleki anawapangira kulemera kolembedwa papepalapo. Mukafuna adzakhale dalaivala wokhalitsa, muyambitseni ndi katundu wa muyezo. Osanenanso za sikelo akadzapita njira ya ku Balaka.

Sipanala wa ku Biwi:
Matumba 40 owonjezerawo mumadzandipatsa ine, bambo. Kilachi, masipuling'i, ma hafu shafiti. Ine sindikudandaula.

Mwini Lole 1964:
Mwandiunjikira. Chabwino, Loweruka anyamule 160. A Mdala wa Beira, ngati muli mu Blantyre, mungakwere naye ulendo umodzi? Za mafuta a m'thupi tikambirana kumbali.

Mdala wa Beira:
Ndili ku Chirimba, galimoto yanga ili pa garaja mpaka sabata ya mawa. Anditenge 5 koloko m'mawa, tikakwere phirilo dzuwa lisanapse. Chipewa ndibwera nacho.

Wa Fighter Yoyera:
Akuluakulu, ndabwera kudzapereka lipoti. Dzulo tinapita ndi a Mdala. Potsika anandiimitsa pamwamba ngakhale tinalibe katundu, akuti ndizolowere. Kona iliyonse amandifunsa kuti pobwera udzalowa ndi giya yanji apa, ndiye ndimayankha, iwo amangoti tiona.

Rev counter inapezeka kuti ndi yamoyo, inangokwiririka ndi fumbi komanso chithunzi cha timu ya mpira chomwe dalaivala wakale anamatapo. Titapakira, pa msewu wowongoka wa kuchigwa tinayesa magiya onse, mnyamata wanga analemba kapepala kaja, tamata pafupi ndi chiwongolero.

Pa Thabwa ndinalowa 4 tisanayambe kukwera. Mtima umandiuza kuti ndafulumira, injini imalira mokweza ngati ndikuizunza, a Mdala anati isiye iyimbe. Muvi utangoyamba kutsika ndili chipondere, ndinabweza 3 ndi kilachi ya kawiri, inalowa ngati mpeni mu papaya. Kona ija ya Lachiwiri ndinaiona patali, ndinalowa 2 tisanafike, ndinadutsa manja onse ali pa chiwongolero. Mwala uja ukadali pomwepo m'mbali mwa msewu, mnyamata wanga anaupatsa moni.

Ndinalakwitsa kamodzi. Chakumtunda msewu unaoneka ngati wagona, ndinathamangira 4, muvi unagwa pansi pa chobiriwira nthawi yomweyo. Chipewa chinandipeza pakhosi ndisanabweze n'komwe 3. Muvi wa kutentha sunasunthe ulendo wonse, pomwe Lachiwiri unafika pafupi ndi pofiira.

Chomwe chatsala, ponyamuka mu 1 pakumveka kafungo, ndipo kilachi ikugwirira pamwamba kwambiri. Kodi ndi ine ndinaipsereza tsiku lija?

Mdala wa Beira:
Chipewa chinagwira ntchito kawiri, iye akuwerenga kamodzi. Kachiwiri ndi pomwe amagoneka phazi pa kilachi tili pathyathyathya.

Sipanala wa ku Biwi:
Mwina ndi inu, mwina inatha kale ndi matumba 200 a zaka zonsezi. Pa chitunda muli mu 4 pondani moto wonse. Ma rev akakwera koma liwiro osakwera, ikuterereka, musanyamule nayo simenti kutsika ku Chikwawa. Muuzeni makaniki wanu ayambe waona ngati pedulo ili ndi mpata pamwamba asanatsitse giyabokosi, nthawi zina ndi kungosintha pang'ono. Bilu ipite kwa a 1964.

Mwini Lole 1964:
Ndaona. Iwe, ubwere nayo kunyumba madzulo, ndipo mnyamata wa mwala uja ubwere naye, mayi ako aang'ono apha nkhuku.